Mwana wa mlongo wanga atanena kuti kuvota ndi ukafiri

Ndikulembera makolo, amalume ndi aphunzitsi a m'madrasa amene tsiku lina mwana wawo adzabwere ndi ndime ya Qur'an n'kuwauza kuti boma ndi la makafiri, kuvota ndi shirk (kumuphatikiza Allah ndi zina), ndipo shehe wa pamzikiti pawo anagulidwa. Ine zinandigwera m'chaka cha 2018, pamene anthu ankalembetsa m'kaundula wa chisankho cha 2019. Mwanayo ndi wa mlongo wanga, ndipo kwathu kuno mwana wa mlongo wako akalakwa, anthu amayamba afunsa kuti amalume ake ali kuti.

Ushehe ndilibe. Ndine mphunzitsi wa kusekondale, Chiarabu ndimachidziwa chongokwanira kutsatira ndime ndi kufunsa kwa odziwa, ndipo mabuku ambiri a tafsir, ofotokoza matanthauzo a Qur'an, ndinawawerenga m'Chingerezi. Zomwe ndikulemba pano musazitenge ngati fatwa, chigamulo cha shehe pa nkhani ya chipembedzo. Ndikungofotokoza m'mene tinayendera ine ndi mnyamatayo, mwina wina zingamuthandize.

Anali atangobwera kuchokera ku Johannesburg kumene ankagwira ntchito m'sitolo. Anabwera wosintha, ndipo tonse tinakondwa. Swala ya Fajr sankaiphonya, fodya anasiya, ndalama zinkafika kwa mayi ake. Atakana kukalembetsa sindinade nkhawa kwenikweni, pakuti achinyamata ambiri amakana chifukwa chotopa ndi malonjezo a andale. Mtima unandigunda mlongo wanga atandiuza kuti mwanayo wasiya kuswali kumbuyo kwa imamu wa pamudzi, ati chifukwa imamuyo pa khutba ya Ijumaa analimbikitsa anthu kukalembetsa.

Nditamuitana anandiyankha mwaulemu koma mosagwedera. "Malume, inu mukavota mukutuma munthu kuti akapange malamulo ku Lilongwe. Woika malamulo ndi Allah yekha. Onani Surat Yusuf ndime 40, chiweruzo n'cha Allah basi. Onaninso Surat Al-Maidah ndime 44, amene saweruza ndi zomwe Allah wavumbulutsa, amenewo ndiwo makafiri. Pamenepa pali chokambirana?"

Ndime zonse ziwiri anazitchula molondola. Ndinamufunsa kuti, "Iwe, tanthauzo limeneli walimva kwa ndani?" Anati ndimezo n'zomveka zokha, sizifuna womasulira. Koma atanditsegulira foni ndinapezamo tizidutswa ta Chingerezi tomwe ankatumizirana ndi anzake pa WhatsApp, topanda dzina la mlembi, topanda tsamba. Kalembedwe ka tina ndinakazindikira. Anali mawu a Sayyid Qutb a mu tafsir yake ya Fi Zilal al-Qur'an, kwinaku maganizo a Abul A'la Maududi, zonse zitasakanizidwa ndi ukali wa anthu ena osadziwika. Mwanayo ankaganiza kuti akumva Qur'an yokha, pamene ankamva Qur'an kudzera pakamwa pa anthu awiri a m'zaka za m'ma 1900 amene mbiri yawo sankaidziwa n'komwe.

Foni sindinamulande, ndipo Qutb sindinamuletse kuwerenga. Mnyamata ukamuletsa buku amayamba kukhulupirira kuti muli choonadi chomwe akuluakulu akuopa. Tinapangana kuti tizikhala pansi ikatha swala ya Isha, masiku amene tonse tapeza mpata, n'kumawerenga ndime ziwirizo m'mabuku osiyanasiyana. Ndinaika lamulo limodzi: tisanamve zomwe mlembi wanena, tidziwe kaye kuti anali ndani, ankakhala kuti, ndipo ankalimbana ndi wolamulira uti. Ngakhale kubwalo kwa amfumu mlandu sagamula atamva mboni imodzi, ndipo amayamba afunsa kuti mboniyo ndi ndani wake wa wodandaula.

Tinayambira ku Cairo. Angerezi analanda Egypt mu 1882, ndipo maiko ambiri a Asilamu anali atagwa kale m'manja mwa atsamunda. Muhammad Abduh, yemwe anakhala mufti wa Egypt mu 1899, ankaphunzitsa tafsir ku Al-Azhar, sukulu yaikulu ya Chisilamu ya mumzindawo, wophunzira wake Rashid Rida n'kumalemba ndi kusindikiza m'magazini ya Al-Manar. Abduh anamwalira mu 1905 asanamalize Surat An-Nisa. Rida anapitiriza mpaka imfa inamupeza mu 1935 ali mkati mwa Surat Yusuf. Mabuku akale a tafsir ankalimbikira malamulo a Chiarabu, zonena za Maswahaba (anzake a Mtumiki) ndi fiqh (malamulo a chipembedzo). Awiriwa anafika kwa Qur'an ndi funso la tsiku lawo: ife tagwa bwanji, ndipo tidzuka bwanji? Ankafuna kuti munthu akatseka buku akachitepo kanthu pa dziko lake. Olemba ambiri amene anabwera m'mbuyo mwawo, ofatsa ndi aukali omwe, anatengera chizolowezi chimenechi.

Chomwe chinamudabwitsa mnyamatayo ndi momwe Al-Manar imafotokozera Surat An-Nisa ndime 59, yonena za kumvera Allah, kumvera Mtumiki, ndi eni ulamuliro mwa inu. Abduh ndi Rida sanaone mfumu imodzi pa mawu akuti eni ulamuliro. Anati ndi gulu la anthu amene mtundu umawadalira: olamulira, ma ulama (akatswiri a chipembedzo), akuluakulu a asilikali, ndipo Rida anaphatikizapo amalonda akuluakulu, alimi, madokotala, maloya ndi olemba. Amenewa akagwirizana pa nkhani yokomera anthu, yomwe mulibe lamulo lachindunji la Qur'an kapena Sunnah, ayenera kumveredwa. Ndinamufunsa kuti, nanga malamulo a pamsewu, a misonkho, a kagawidwe ka fetereza, amapangidwa ndi ndani ngati si gulu lotere? Ndiponso pa ndime ya Al-Maidah yomweyo, Rida anaikapo yankho lake pa funso lochokera ku India, ngati Msilamu angakhale woweruza pansi pa malamulo a Angerezi. Sanamutche kafiri munthu wotero. Anaona kuti kusiya maudindo onse m'manja mwa ena kukanangofooketsa Asilamu.

Mu 1924 boma la Turkey linathetsa ukhalifa, udindo wa mtsogoleri wa Asilamu onse. Kwa Asilamu ambiri a nthawiyo chinali chinthu chosayerekezeka, ndipo funso lakuti boma la Chisilamu liyenera kuoneka bwanji linakhala poyera. Maududi anakula ndi funso limeneli. Anabadwa mu 1903 ku Aurangabad ku India, anali mtolankhani, anayambitsa chipani cha Jamaat-e-Islami mu 1941, ndipo tafsir yake ya Tafhim al-Qur'an anaiyamba mu 1942 n'kuimaliza mu 1972, m'chilankhulo cha Urdu. Ndi buku lomveka bwino, lolembera munthu wophunzira sukulu za masiku ano amene sanapite kumadrasa akuluakulu, ndipo mawu oyamba a sura iliyonse amathandiza kwambiri. Ine mpaka lero ndimaligwiritsa ntchito. Koma Maududi ankaona chipembedzo chonse ngati dongosolo la ulamuliro. Kwa iye kunena kuti palibe wopembedzedwa koma Allah kumatanthauzanso kuti palibe woika malamulo koma Allah, ndipo kumvera malamulo a munthu mosayang'ana malire a Allah ndi mtundu wa kumupembedza munthuyo. Ganizo limeneli ndi lomwe limatchedwa hakimiyya, ndipo ndi lomwe linali m'foni mwa mwana wa mlongo wanga.

Titamaliza kuwerenga ndinamuuza zomwe Maududi mwini wake anachita. Atasamukira ku Pakistan chipani chake chinalowa m'zisankho. Pa chisankho cha pulezidenti cha 1965 anathandiza mayi, Fatima Jinnah, polimbana ndi msilikali Ayub Khan. Mu 1970 chipanicho chinapikisana n'kupeza mipando 4 yokha m'Nyumba ya Malamulo, koma sichinalowe m'tchire. Mnyamatayo anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye kuti iyeyo ankavota?" Anzake a pa WhatsApp aja sanamuuzepo zimenezi.

Pa Qutb tinakhalitsa, ndipo ndikupempha aliyense amene akuthandiza mwana wotere kuti asafulumire pamenepa, komanso asamunyoze Qutb. Mwana amene wakhudzidwa ndi mawu ake akamva mukumutukwana, watseka makutu. Qutb anabadwa mu 1906 m'mudzi wa Musha, chigawo cha Asyut ku Egypt. Asanalowe ndale anali mphunzitsi, wolemba ndakatulo ndi wounika mabuku, ndipo mu 1945 analemba buku lonena za luso la Qur'an pojambula zinthu ndi mawu. N'chifukwa chake Fi Zilal imakoma kuwerenga. Akamafotokoza sura zifupizifupi za kumapeto, za tsiku la Qiyama, za usiku ndi m'bandakucha, umamva ngati ndimezo zikutsika lero. Ine pali masamba ake amene anandigwetsa misozi, ndipo mnyamatayo ndinamuuza zimenezo poyera.

Koma buku limeneli lili ndi mbiri yake. Linayamba kutuluka mu 1952, chaka chomwe asilikali anachotsa mfumu Farouk. Poyamba Qutb ankagwirizana ndi asilikaliwo, kenako analowa gulu la Chisilamu la Ikhwan al-Muslimin (Muslim Brotherhood). Mu October 1954 munthu wina anawombera Gamal Abdel Nasser, mtsogoleri wa asilikaliwo, ku Alexandria koma anamuphonya, ndipo boma linagwira a Ikhwan miyandamiyanda. Qutb anazunzidwa, anaweruzidwa zaka 15, ndipo chifukwa cha matenda a m'chifuwa nthawi yambiri anakhala m'chipatala cha ndende ya Tura. Mu 1957 alonda a ndendeyo anawombera akaidi a Ikhwan n'kupha oposa 20, iye ali momwemo. Gawo lalikulu la tafsir yake linalembedwa m'malo amenewa, ndipo atamaliza anabwerera kukalembanso magawo oyambirira, momwe muli Al-Maidah ndi Al-An'am, ndi mtima umene unali utaona zonsezi. Munthu amene akuona anzake akuphedwa ndi alonda otchedwa maina a Chisilamu, otumidwa ndi boma la anthu otchedwa Asilamu, amafika podzifunsa ngati anthu amenewa ndi Asilamu n'komwe. Yankho la Qutb linali lakuti dziko lonse labwerera mu jahiliyya, umbuli uja wa Chisilamu chisanabwere, kuphatikizapo maiko amene amadzitcha a Asilamu, chifukwa akuweruza ndi malamulo a anthu. Anati pafunika kagulu kochepa ka okhulupirira koti kadzipatule mumtima ku dziko lotere n'kuyambanso monga anayambira Maswahaba ku Makka. Anatulutsidwa mu 1964, chaka chomwe linatuluka kabuku kake ka Ma'alim fi al-Tariq, komwe mitu ina anaitenga mu tafsir yomweyi. Anamangidwanso mu 1965, ndipo ananyongedwa pa 29 August 1966.

Ndinamuuza mnyamatayo kuti kunyongedwa kwa Qutb kunali kupanda chilungamo, ndipo ndimakhulupirira zimenezo. Koma kuzunzidwa kwa munthu sikusandutsa tafsir yake kukhala chivumbulutso. Ndinamufunsanso kuti ayang'ane pamene iye wakhala. Ndani wamumanga chifukwa cha swala? Adhana imamveka kasanu pa tsiku kuyambira ku Mangochi mpaka ku Limbe, madrasa ali otsegula, Radio Islam ikuulutsa, Eid ul-Fitr ndi tsiku la tchuthi cha dziko lonse. Mavuto tili nawo, umphawi, katangale, ana athu kutsalira pa sukulu, ndipo nthawi zina kunyozedwa. Koma kutenga mawu olembedwa m'chipatala cha ndende ya Tura n'kuweruza nawo imamu wa pamudzi amene wangouza anthu kuti akalembetse, kumeneko n'kumulakwira imamuyo.

Kuti ndichite chilungamo ndinamuuzanso kuti anthu amatsutsana pa zomwe Qutb ankatanthauza. Mng'ono wake Muhammad Qutb ndi ena amati sankatcha munthu aliyense payekha kafiri, ankanena za dongosolo. Ena, monga Yusuf al-Qaradawi amene anakulira mu Ikhwan momwemo, anati zolemba zake zomaliza zimatengera wowerenga ku kukafirisha mtundu wonse. Kaya wolondola ndi uti, zomwe anyamata ena anachita ndi mawuwo n'zodziwika, ndipo ndifikako.

Kenako tinabwerera m'mbuyo zaka zoposa 1,000, ndipo apa ndinapempha shehe wina wachikulire, amene mnyamatayo ankamulemekezabe, kuti atiwerengere Chiarabu. Anatsegula tafsir ya Al-Tabari, amene anamwalira mu 923. Choyamba anatiuza kuti tiwerenge ndime 44 kuyambira pachiyambi pake, osati kumapeto kokha. Imayamba ndi kunena za Taurat ndi aneneri amene ankaweruza nayo, ndipo nkhani yonse kuyambira ndime 41 ikukhudza milandu yomwe Ayuda a ku Madina anabwera nayo kwa Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye. Ndime 45 imatha ndi mawu ofanana koma imati ochita zoipa, ndime 47 imati opandukira malamulo. Al-Tabari anasonkhanitsa maganizo osiyanasiyana a akale, ndipo iye anatsamira ku lakuti ukafiri weniweni ukugwera amene akukana lamulo la Allah, kunena kuti si loona. Kwa Ibn Abbas, mmodzi wa Maswahaba, ndi ophunzira ake kunachokera mawu odziwika akuti uwu ndi ukafiri wocheperapo, wosamutulutsa munthu m'Chisilamu. Tchimo lilipo, koma munthuyo akadali m'bale wako, ukhoza kuswali naye, ndipo akamwalira umamuswalira.

Ndiye a shehe anamuyang'ana mnyamatayo n'kumufunsa kuti, "Mwanawe, ukudziwa amene anayamba kufuula ndime ya Surat Yusuf ija pa nkhani za ulamuliro?" Anamufotokozera za Akhawariji. Itatha nkhondo ya Siffin mu 657, Ali, khalifa wachinayi, atavomera kuti anthu awiri aweruze mkangano wake ndi Muawiya, gulu lina la asilikali ake linamupandukira likufuula kuti palibe chiweruzo koma cha Allah. Anali anthu a swala zambiri ndi kuwerenga Qur'an usiku. Ali anawayankha kuti mawuwo ndi oona koma cholinga chake n'chabodza. Ibn Abbas anapita kukakambirana nawo ndipo anawaonetsa Qur'an yomweyo: mu Surat An-Nisa ndime 35 Allah akulamula kuti banja likasokonekera pakhale woweruza wa kuchimuna ndi wa kuchikazi, ndipo mu Al-Maidah ndime 95 akuti anthu awiri olungama aweruze za nyama yophedwa ndi munthu amene ali mu ihram, pa mapemphero a Hajj kapena Umra. Ngati Allah wapereka chiweruzo kwa anthu pa nkhani ya banja ndi ya nyama, nanga pa magazi a Asilamu? Ambiri anabwerera. Otsalawo anapitiriza, ndipo mu 661 mmodzi wa iwo anapha Ali ku Kufa akupita ku swala ya m'mawa.

Mnyamatayo sanagonje msanga, ndipo ndinakondwa kuti sanatero. Patapita masiku anabwera ndi tafsir ya Ibn Kathir pa Al-Maidah ndime 50, pomwe mlembiyo akunena mwamphamvu kuti woweruza ndi malamulo a Genghis Khan, mfumu ya a Mongol, m'malo mwa Qur'an ndi kafiri woyenera kumenyedwa nkhondo. "Uyu si wa masiku ano, malume. Mukuti bwanji?" Linali funso labwino. Tinagwiritsa ntchito lamulo lathu lija. Ibn Kathir anamwalira mu 1373 ku Damascus, m'dziko lomwe linkakumbukirabe kuwonongedwa kwa Baghdad ndi a Mongol mu 1258 ndi nkhondo zawo pa Syria. Ankanena za olamulira a nkhondo amene anabwera ndi lupanga n'kuika malamulo a makolo awo pamwamba pa Shariah m'dziko la Asilamu. Mlimi wa ku Machinga amene akusankha phungu woti akamenyere mlatho ndi chipatala sali m'nkhani imeneyo. Ndiponso pa ndime 44, Ibn Kathir yemweyo analemba zonena za Ibn Abbas zija.

Masamba a Ibn Kathir amenewa, pamodzi ndi ma fatwa a mphunzitsi wake Ibn Taymiyya onena za a Mongol, ndi omwe Abd al-Salam Faraj anagwiritsa ntchito m'kabuku kake kolungamitsa kupha wolamulira, ndipo gulu lake linapha pulezidenti wa Egypt, Anwar Sadat, pa 6 October 1981. Izi zisanachitike panali gulu la Shukri Mustafa, amene anamangidwa mu 1965 n'kutuluka m'ndende atakhulupirira kuti aliyense wosalowa gulu lake ndi kafiri. Anthu ake anasiya kuswali m'mizikiti ya anthu ena. Mu July 1977 anaba Sheikh Muhammad Husayn al-Dhahabi, mphunzitsi wa ku Al-Azhar amene anakhalapo nduna, n'kumupha. Al-Dhahabi ndiye mlembi wa Al-Tafsir wa al-Mufassirun, buku lomwe ophunzira amawerenga mpaka lero kuti adziwe mbiri ya omasulira Qur'an. Nkhani imeneyi ndinamuuza mnyamatayo mosabisa chifukwa chake: gulu limenelo nalonso linayamba ndi kukana kuswali kumbuyo kwa imamu.

Otsutsa maganizo amenewa sanali a boma okha, ndipo mfundo iyi ndi yofunika kwa mwana amene amati shehe aliyense wotsutsa anagulidwa. M'ndende zomwezo za Nasser, kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, munakonzedwa buku la Du'at la Qudat, lomwe linasindikizidwa mu 1977 m'dzina la Hasan al-Hudaybi, mtsogoleri wa Ikhwan yemwenso anali mkaidi. Mfundo yake ndi yakuti ntchito yathu ndi kuitanira anthu, kuweruza mitima si kwathu, ndipo amene wanena shahada ndi Msilamu. Linanenanso kuti liwu la hakimiyya mulibe mu Qur'an ngakhale mu hadith. Ku India, Wahiduddin Khan, amene anali mkulu mu Jamaat-e-Islami, anatuluka n'kulemba mu 1963 kuti Maududi waika ndale pamalo pomwe payenera kukhala ubale wa munthu ndi Mbuye wake. Abul Hasan Ali Nadwi, yemwe ankamudziwa Qutb maso ndi maso, analembanso zofanana: ngati tanthauzo lenileni la mawu akuluakulu a Qur'an linabisika kwa zaka mazanamazana mpaka munthu wa m'zaka za m'ma 1900 kudzalipeza, ndiye kuti ummah wonse unkawerenga buku lomwe sunkalimva, ndipo zimenezo n'zosatheka.

Munthu amene anamufika pamtima mnyamatayo kuposa onse anali Hamka wa ku Indonesia. Ameneyu sanali wothawa ndale. Anasankhidwa mu 1955 kudzera m'chipani cha Masyumi kulowa m'bungwe lolemba malamulo oyendetsera dziko, ndipo kumeneko anamenyera kuti Chisilamu chikhale maziko a boma. Mu January 1964 boma la Pulezidenti Sukarno linamumanga pomunamizira chiwembu, ndipo anakhala m'manja mwa boma zaka zoposa ziwiri popanda mlandu kuweruzidwa. M'menemo ndi momwe analemba gawo lalikulu la Tafsir al-Azhar. Taonani zakazo: 1964 mpaka 1966, nthawi yomweyo imene Qutb ankatuluka, kumangidwanso ndi kunyongedwa. Hamka ankawerenga Fi Zilal ndipo ankailemekeza. Koma Sukarno atamwalira mu June 1970, Hamka ndi amene anatsogolera swala ya janaza ya munthu amene anamutsekera. Anthu awiri omangidwa mopanda chilungamo, onse akulemba tafsir ya Qur'an imodzi, anatuluka ndi mitima yosiyana pa omwe anawazunza. Mnyamatayo anandifunsa kawiri ngati nkhaniyi ndi yoona, n'kukaifufuza yekha pa intaneti.

Pa funso lenileni la ife amene tikukhala m'dziko lomwe Asilamu ndi ochepa, tinabwerera ku Surat Yusuf yomwe iye anayambira. Mu ndime 55 Yusuf, mtendere ukhale pa iye, akupempha mfumu ya Egypt kuti imuike woyang'anira nkhokwe za dziko. Amene ananena m'ndende kuti chiweruzo n'cha Allah yekha ndi yemweyo amene akupempha udindo kwa mfumu yosakhulupirira. Maududi anaona kuti ndimeyi ikumuvuta, ndipo anafotokoza kuti Yusuf anapatsidwa ulamuliro wonse, sanali nduna wamba. Koma Ibn Taymiyya, yemwe anyamata aukali amakonda kumutchula, analemba kuti Yusuf ankagwira ntchito pansi pa mfumu ndi anthu amene anali ndi miyambo yawo, sakanatha kuchita zonse zomwe ankafuna, koma anachita chilungamo ndi zabwino zomwe akanatha. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu m'Malawi ndife pafupifupi 14 mwa anthu 100 alionse, ngakhale ambiri mwa ife timati chiwerengerocho chinachepa. Mulimonsemo, tikadzipatula malamulo adzapangidwabe, ndipo adzatigwira ife ndi ana athu tilibe wotiyankhulira. Pamene Amalawi ankamenyera ufulu wa zipani zambiri, bungwe la Muslim Association of Malawi linakhala nawo mu Public Affairs Committee pamodzi ndi mipingo kuyambira 1992, ndipo mu 1994 dziko la Akhristu ambiri linasankha Msilamu, Bakili Muluzi, kukhala pulezidenti. Ku South Africa komwe mnyamatayo ankakhala, Imam Abdullah Haron anafera m'manja mwa apolisi a tsankho mu September 1969, ndipo m'zaka za m'ma 1980 achinyamata a Call of Islam, mmodzi mwa iwo Farid Esack, ankawerenga Surat Al-Qasas ndime 5, yonena za oponderezedwa pa dziko, n'kupeza mmenemo chifukwa choyendera limodzi ndi Akhristu ndi ena polimbana ndi tsankho. Nawonso ankawerenga Qur'an ndi maso a ndale, ndipo nawonso ayenera kufunsidwa mafunso omwewo, koma mnyamatayo anakhala ku Johannesburg osamvapo za iwo.

Nthawi yolembetsa inatha tikuwerengabe, choncho mu 2019 sanavote. Sindinalimbane naye pa chimenecho, pakuti kusavota si tchimo lomwe linkandisowetsa tulo. Anabwerera pa mzere wa swala kumbuyo kwa imamu uja, anakamupepesa yekha, ndipo mawu akuti kafiri anasiya kuwaponya pa anthu. Pa zina timasiyanabe. Iye amaonabe kuti demokalase ili ndi chilema pa maziko ake, ndipo Fi Zilal amaiwerengabe, tsopano buku lenileni lokhala ndi dzina la mlembi pachikuto. Ine ndimamuyankha, iye amandiyankha, mayi ake amatiitana kuti nsima ikuzizira.

Kwa amene zikukuchitikirani panopa, chizindikiro choyenera kuchiyang'anira si ndevu, si buluku lalifupi, si kukana kuvota. Yang'anirani pamene mwana wayamba kuchotsa anthu m'Chisilamu, makamaka imamu, makolo ndi abale, ndiponso pamene wayamba kubisa amene akumuphunzitsa. Mukafika pokambirana, musapite ndi shehe amene mwanayo anamutaya kale, funani amene akadamulemekeza, ndipo sheheyo abwere ndi mabuku, asabwere ndi ukali. Ngati simudziwa Chiarabu kapena Chingerezi, mukhozabe kumufunsa kuti wanena zimenezi ndani, analemba ali kuti, ndipo ena anati chiyani pa ndime yomweyo, n'kumuuza kuti akuwerengereni ndime za kutsogolo ndi za kumbuyo kwake mu Qur'an yotanthauziridwa m'Chichewa. Koma ngati mwana wayamba kunena za ulendo, za anthu amene amulonjeza ndalama kapena maphunziro kumalo osadziwika, nkhaniyo yapitirira pa mabuku. Kuyambira October 2017, pamene zigawenga zinaukira Mocímboa da Praia, chigawo cha Cabo Delgado ku Mozambique chakhala pa nkhondo yomwe yapha Asilamu ndi Akhristu omwe, ndipo si kutali ndi kwathu. Pamenepo itanani akuluakulu a banja ndi a mzikiti tsiku lomwelo, ndipo musachite manyazi kudziwitsa aboma.